Mbatatesi yokanya ndi dzanja lozolowera mthiko

Pa Khirisimasi yapitayi ndinkafuna kuti kwathu aone kuti ku yunivesite sindinangophunzirako mbiri yakale ndi kugona ndi njala. Basi itaima pa Lizulu ndinagula kandowa ka mbatatesi. Nditafika ndinauza amayi kuti asavutike ndi mpunga, pambali pa nkhuku pakhala mashed potatoes. Agogo anandiyang'ana. "Ndiye zimenezo ndi nsima kapena ndiwo?" Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Kwathu chakudya chili ndi mipando iwiri yokha, ndipo ine ndinali nditabwera ndi mlendo wachitatu.

Kaphikidwe kake mnzanga wina ku hositelo anali atandionetsa kale. Umasenda, n'kudula zidutswa zofanana, n'kuziika m'madzi ozizira othira mchere kuti kunja kusapse m'kati muli mwamuwisi. Foloko ikalowa mosavuta umakhetsa madzi onse, n'kubwezera poto pambaula pang'ono kuti nthunzi ituluke. Kenako umakanya idakali yotentha, n'kuthira batala kapena majarini, pomaliza mkaka wofunda. Zonsezi ndinachita.

Ndinalakwa nditaona mibulu. Mwana wa Chimalawi akaona mibulu m'poto, dzanja limapita lokha ku mthiko. Ndinavundula ngati nsima ya pamaliro, thukuta kamukamu. Pamene ndimaleka, m'potomo munali ulimbo wokolera mbalame. Mbatatesi ili ndi sitachi yambiri, ndipo ukaitakasa mwamphamvu sitachiyo imatuluka n'kunanda. Mphamvu imene imakometsa nsima ndi yomweyo imene imaononga mbatatesi. Achimwene anadya mwaulemu, akumwera madzi.

Mawa lake agogo anandiitanira kukhitchini. "Bweretsa zotsala zija." Anaphika, anakhetsa, n'kuyamba kuphwanya pang'onopang'ono ndi kumsana kwa chipande, osafulumira. Nditawapatsa mkaka anathira, analawa, n'kunena kuti: "Iwe, uyu ndi futali wopanda nsinjiro."

Mawu amenewa akhala akundivutitsa. Mbatatesi inachokera ku mapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, ndipo anthu a ku Spain anapita nayo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Ku Ireland inali chakudya cha amphawi, moti itagwidwa matenda mu 1845 njala inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Ife timaitchula kuti Irish, pamene amailima ndi anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ndiye chimene ndinanyamula monyada ngati cha mabwana ndi chakudya cha alimi anzathu, chongovala batala basi. Futali, amene agogo akhala akuphika kuyambira amayi asanabadwe, sindinaganizepo zomuika patebulo la Khirisimasi. Ndikuvomera: akanabwera anzanga a kusukulu tsiku limenelo, ndikanachita naye manyazi.

Sikuti mbatatesi yokanya ndaikana. Ndimaikonda, makamaka ikamira mu msuzi wa nkhuku yachikuda. Tsiku lachiwirilo inakoma ndithu, yofewa, yosananda, ndipo achimwene anawonjezera popanda wowakakamiza.

Agogo anadya masipuni atatu, n'kupukuta pakamwa. Kenako anafunsa amayi ngati madzi a nsima atereka kale.