Pano Ndife Banja

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tiyeni ticheze za mawu amene ndinalandiridwa nawo tsiku loyamba pa ntchito: "Pano ndife banja."

Ndimalemba mapulogalamu a pa foni ku kampani ina ku Lilongwe. Mutalowa mu ofesi mwathu mukhoza kusirira. Palibe ovala tayi, khofi ndi waulere, magetsi akazima jenereta imalira pompo. Abwana anakana kuti tiziwati bwana, akuti tizingowatchula dzina. Ine woleredwa kumudzi, lilime linandilemera mwezi wathunthu.

Chibale chakecho ndinachimvetsa pang'onopang'ono. Paja m'banja mulibe nthawi yoweruka. Uthenga umalowa pa WhatsApp 10 koloko usiku: "System yagwa, ali maso ndani?" Ukagona osayankha, m'mawa pa kamsonkhano kathu koimirira amakufunsa moseka, koma aliyense akumva. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Ife ovataimu yathu inali pizza ya Lachisanu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinapempha kuti malipiro akwereko, poti makasitomala ena amalipira m'madola. Yankho linali lakuti tipirire limodzi ngati banja. Tinapirira.

Chimene chinanditsegula maso ndi maliro. Malume anga anamwalira ku Dedza Lachiwiri lina m'mawa. Inu mukudziwa kuti kwathu kwa Achewa malume ndiye mwinimbumba. Awa ndi amene anagulitsa mbatata kuti ndimalize sekondale, ndipo ndi amene akanadzandiimira pa chinkhoswe. Nditapita kukapempha masiku, mayi a ku HR anatsegula fomu pa kompyuta. Panali malo a bambo, mayi, mwana, mkazi kapena mwamuna. Malo a malume panalibe.

"Pepani achimwene, amenewo si achibale apafupi," anatero mayiwo, maso ali pansi. Nawonso zinkawachititsa manyazi, koma fomu ndi fomu. Abwana anangofunsa ngati kumudziko netiweki imagwira, poti pulogalamu ya kasitomala inkayenera kutuluka Lachisanu.

Ndinapita, laputopu ndinaisiya m'kabati. Masiku atatuwo anawadula pa tchuthi changa.

Koma imvani izi. Ndili pa siwa usiku, foni inalira. Anzanga anali atasonkherana chipepeso n'kunditumizira pa foni, mpaka alonda a pageti anaponyapo yawo. Mtsikana wina amene tinkakangana naye tsiku ndi tsiku pa za code anatenga ntchito yanga yonse, osandiimbira ngakhale kamodzi. Tsiku loika maliro, anyamata awiri anatulukira pa minibasi atanyamula shuga ndi kabichi.

Ntchito sindinasiye, lendi siidikira. Ndimaigwira ndi mtima wonse, koma ikakwana 6 koloko gulu la ku ofesi ndimalitseka pakamwa mpaka m'mawa. Abwana ndinayambiranso kuwatchula kuti bwana, ndipo ndimapeza mtendere, chifukwa aliyense akudziwa pamene waima.

Inu amene mukusaka ntchito, akakuuzani kuti pano ndife banja, musakane. Ingofunsani mwaulemu kuti: malume akamwalira, mumapereka masiku angati? Nanga kwanuko, fomu yanu imawadziwa malume? Tiuzeni m'munsimu.