Selotepi idandidyera thanki ya njinga

Inu a mu msika, tiyeni tiuzane zoona lero. Ndani mwa ife amene sadasiyepo pepala la pulasitiki pa chinthu chogula kumene kuti anthu aone kuti n'chatsopano? Rimoti ya kanema ili mu jumbo. Mipando ya pabalaza ikadali m'mapepala ake chaka chachitatu, mlendo akakhalapo ntchafu zimachita kumata. Inenso ndine wa mpingo womwewo, kungoti ine ndidapyola muyeso, ndidakulunga njinga yamoto. Ndati ndikusimbireni zimene zidandionekera, pakuti katundu wa ambiri a inu masiku ano amayenda pa njinga zomwezi, ndipo ena mwagula zanuzanu.

Ntchito yanga yolemba nkhani m'nyuzi ndi ya ganyu. Nkhani ikatuluka lero, ndalama yake umailondola mpaka nsapato kutha. Ndiye mu 2022 ndidakhala pansi ndi amayi anga, amene akhala akugulitsa tomato mu msika wa Limbe kuyambira ndili ku pulayimale. Ndidati tigule njinga yamoto, mphwanga, mwana wa amayi aang'ono, aziyendetsa kabaza. M'mamawa aziwanyamulira madengu a tomato, masana azinyamula anthu. Pakatha zaka ziwiri tidzaigulitse ikadali bwino, tidzawonjezere ndalama n'kugula ina.

Amayi adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga ngongoleyo ilembedwa m'dzina la ndani?"

Funso lake lidali loyankhidwa kale. Ine ku banki m'khonde sandidziwa. Idalembedwa m'dzina lawo, ndipo adathirapo ndi gawo la mpamba wawo wa tomato.

Njinga idabwera yofiira psuu, thanki ikuwala ngati kalilole. Tsiku lomwelo malume adabwera kudzaiona. Adaizungulira kawiri n'kunena kuti, "Mphwanga, wogula njinga sayamba wamvera injini, amayamba waona thanki. Thanki ikakhala ndi zipsera amati mwini wake ndi wosasamala, basi mtengo wagwa."

Mau amenewa adandilowa mpaka m'mafupa. Ndidalamula kuti mapepala a ku fakitale amene adali pa chishalo ndi pa mapulasitiki a m'mbali asachotsedwe. Kenako ndidagula selotepi yaikulu ija yomatira makatoni, n'kukulunga thanki yonse mizeremizere mpaka pakamwa pothirira petulo. Ndidabwerera pambuyo n'kuiyang'ana, mtima uli mbee, ati ndine wochenjera.

Mphwanga sadakondwe nazo.

"Achimwene, pasiteji akundiseka. Ati ndikuyendetsa phukusi lopita ku positi."

"Asiye aseke," ndidatero ine. "Ngongole ndi ya amayi, si yawo. Ukangomatula, makiyi ubweze."

Adangoti "chabwino achimwene" mwa ulemu wake, koma kuyambira pamenepo zocheza zidachepa. Ankabwera madzulo, kuika ndalama pa tebulo, n'kumapita.

Dzuwa la Okutobala lidabwera, selotepi idayamba kuchita chikasu. Mvula idabwera, m'mphepete mwake mudayamba kutukuka ndi kugwira fumbi. Ine mankhwala anga adali amodzi: kumata ina pamwamba. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka muno mu Blantyre, ndidaona timadontho ta madzi titakhala kunsi kwa selotepi. Ndidati adzauma okha. Ndidamatanso ina.

Tsono mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Inu a malonda simufunika kukumbutsidwa. Mtengo wooda udakwera, ogula adachepa, mpamba wa amayi udasungunuka. Ngongole ya njinga tidali titabweza, koma iwo adali atatenganso ina yoti geni isafe, ndipo gulu lawo linkagawana ndalama mu Disembala. Aliyense ankayenera kubweza tsiku lisadafike. Tidagwirizana kuti njinga igulitsidwe. Ine ndidalibe nkhawa. Njinga zatsopano zidali zitakwera mtengo, ndipo yanga, m'maganizo mwanga, idali yatsopano kunsi kwa selotepi.

Wogula adabwera kuchokera ku Bangwe, bambo wa ulemu wake, ndalama zili m'thumba.

"Tamatulani tione," adatero.

Abale, sindidzaiwala. Selotepi sinkamatuka, inkanyotsoka tizidutswatizidutswa, guluu n'kumatsala pa thanki ali gwaa, wakuda ndi fumbi. Pakamwa pa thanki, pamene petulo ankadonthera, guluu adali atasanduka phala. Ndidatenga lezala kuti ndipale, utoto n'kumachoka limodzi. Pa msoko wa kunsi, pamene madzi ankagona, padali dzimbiri lotukusira utoto ngati nthomba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bambo aja sadaseke, bola akadaseka. Adangopukusa mutu n'kutchula mtengo umene sukadakwana ngakhale ngongole ya amayi. Adati iwo sangadziwe kuti munthu wobisa thanki chonchi wabisanso chiyani mu injini.

Atachoka, amayi adatola kachidutswa ka selotepi n'kukayang'ana.

"Iwe, wakulira pa benchi la tomato," adatero. "Unandionapo ndikutsekera tomato mu jumbo n'kumusiya padzuwa? Amachita thukuta n'kuvunda. Bwanji sunandifunse?"

Ndidasowa pothawira. Safunsa adadya phula. Njinga sitidagulitse. Ndidagulitsa foni yanga yabwino, imene ndinkajambulira zithunzi za nkhani zanga, mphwanga adawonjezera zimene ankasunga, amayi aang'ono adathirapo, dzina la amayi ku gulu lidapulumuka. Miyezi itatu ndinkalemba nkhani pa mapepala n'kumakataipa kwa anzanga.

Chaka chitatembenuka, mphwanga yemwe uja ndi amene adanditengera ku Ndirande kwa mkulu wina wopopera utoto magalimoto, amene adagwirapo ntchito m'magaraji a ku Johannesburg. Mkuluyo adapalasa thanki ndi chala n'kufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Mphwanga adayang'ana kumwamba. Ndidavomera ndekha.

"Maganizo anu sanali olakwika," adatero. "Utoto amautchinjiriza ndithu. Koma mwatenga bulangete la pepala kukafunda pamvula."

Adandifotokozera bwinobwino. Selotepi adaipangira makatoni okhala m'nyumba. Dzuwa limaiumitsa n'kuisweka, petulo amasungunula guluu wake, ndipo mzere uliwonse pamene tepi ina yasanjikana ndi inzake ndi khomo lolowera madzi. Akalowa satuluka. Nawo mapepala a ku fakitale ntchito yawo ndi ya paulendo basi, kuti njinga isakalike m'bokosi. Ukawasiya amapsa ndi dzuwa, amakanirira, ndipo kunsi kwake mumasonkhana fumbi limene limakhula utoto ngati sandipepa njinga ikamagwedezeka.

Kenako adalowa m'kachipinda n'kutulutsa chidutswa cha pulasitiki yoonekera ngati galasi, yofewa, yotamuka ngati mphira. Adati m'magaraji amaitchula kuti PPF, ena amangoti filimu. Ndidaikoka ndi manja awiri, idatamuka, nditaisiya idabwerera m'malo.

Poti ndine mtolankhani, ndidakafufuza mbiri yake. Pulasitiki imeneyi ndi ya mtundu wa polyurethane. Idayambira ku nkhondo: m'zaka za m'ma 1960, asilikali a ku America ali ku Vietnam, mchenga ndi timiyala zinkadya mapiko a mahelikoputa, ndiye kampani ya 3M idapanga tepi yolimba yomata pa mapikowo. Pambuyo pake idafika pa magalimoto a mpikisano, kenako pa magalimoto wamba ndi njinga zamoto. Kuchindikala kwake kumakhala mamaikironi 150 mpaka 200. Kuti mumvetse, majumbo opyapyala aja amene boma lidaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, ndi osakwana mamaikironi 60. Kamwala kakathamangira pa filimu, mphamvu yake imathera mu mphirayo, utoto osakhudzidwa. Ya mtundu wabwino ili ndi khungu la pamwamba loti timikwingwirima tating'ono timafafanizika tokha likatenthedwa ndi dzuwa kapena madzi ofunda, ndipo opanga ake amaiikira zaka 5 mpaka 10.

Si yotchipa, ndisakunamizeni. Koma mkulu uja adati kukuta njinga yonse ndi kutaya ndalama. Adauza mphwanga kuti akwere akhale monga amakhalira pantchito, iye n'kumalemba ndi choko: m'mbali mwa thanki mmene mawondo amakhula, kumbuyo kwa thanki pamene chitsulo cha lamba ndi zipi zimagunda, pamwamba pamene amasanjikapo chikwama cha kasitomala kapena chigubu, ndi pa mapulasitiki a m'mbali pamene dengu ndi malegeni zimadutsa. Zidutswa zisanu zokha, zotsala pa galimoto ya bwana wina.

Adayamba wapala dzimbiri lonse n'kupopera utoto watsopano. Ine changu, ndidati timate mawa. Adakana. Adati utoto watsopano umapumabe, umatulutsa mpweya wa mankhwala ake, ukautsekera msanga umachita matuza. Tidadikira mwezi wathunthu.

Tsiku lomata ndidaonerera zonse. Adatsuka thanki ndi sopo, n'kuipukuta ndi sipiriti kuti mafuta onse achoke, ndipo adachita izi m'kati mwa shedi, kopanda fumbi ndi dzuwa. Adayamba wadula pepala wamba molingana ndi malo a choko aja, n'kudulira filimu pa tebulo potsata pepalalo, ngodya zake n'kuzizunguliza kuti zisamakole nsalu. Lezala pa thanki, ayi. M'botolo lopopera adathiramo madzi ndi timadontho tochepa ta sopo wamadzi wosambitsira ana, n'kunyowetsa thanki, zala zake ndi mbali ya guluu. Filimu yonyowa imatsetsereka, ndiye umaisuntha mpaka ikhale pamene ukufuna. Kenako adatenga khadi lakale la ku banki lokulunga m'kansalu n'kumafinya madzi kuchokera pakati kupita m'mphepete, pang'onopang'ono. Pokhota thanki ankafunditsa ndi chowumitsira tsitsi chobwereka ku saluni yoyandikana nayo, kuti filimu ifewe igone bwino. Pakamwa pa thanki adasiya mpata wa chala, chifukwa petulo akamalowa m'mphepete amatukula guluu. Adatiuza kuti tisatsuke masiku awiri, ndipo timatuza ta madzi tikaoneka tisatiboole, timauma tokha.

Atamaliza ndidafunsa kuti nanga wamata pati. Sizinkaoneka, kupatula kamzere kakang'ono ukayandikira.

Tsono mverani, musapite kukawononga ndalama n'kumati mtolankhani uja ndiye adatiuza. Filimu si chitsulo. Njinga ikagwa thanki ipindika basi. Siichiza dzimbiri, ukamata pamwamba pa dzimbiri wabwereza uchitsiru wanga womwe uja. Pa injini ndi pa ekizozi siyikidwa, imapsa. Ndipo chenjerani ndi mapepala owala a zomatamata amene ena amagulitsa ati ndi yomweyo. Kokani kachidutswa: ikang'ambika, kapena kuyera n'kukhala yotamuka osabwerera, bwezani ndalama m'thumba.

Amene mulibe ya filimu, musadandaule, njira yaulere ilipo ndipo ndi yoposa selotepi kutalitali. Chotsani mapepala a ku fakitale tsiku lomwe mwagula. Fumbi muzilitsitsa ndi madzi musanapukute, nsanza youma pa thanki ya fumbi ndiyo imalemba mizere. Petulo akadontha pukutani pomwepo. Poika dengu kapena chigubu yalani kaye nsalu yofewa yoyera, mukatsitsa katundu n'kuichotsa. Polishi wa galimoto kamodzikamodzi, ndipo poimika funani mthunzi.

Njinga ija ilipo, sitidaigulitsenso. Mawondo a mphwanga akhula filimu ija tsiku ndi tsiku, madengu a amayi adutsapo osawerengeka, utoto kunsi uli chiwalire. Kwa mphwanga ndidapepesa pamaso pa amayi, pakuti iye ankaona madzi aja m'mawa uliwonse koma ankaopa kulandidwa makiyi. Adangoseka n'kuti, "Zinatha izo achimwene, koma pasiteji dzina la Positi ndiye linandikanirira."

Sabata yatha ndidapita ku benchi la amayi. Ndidawapeza akuyala tomato pa chiguduli, pamthunzi, mphepo ikumupita bwino. Mayi wina woyandikana nawo ankawauza kuti mwana wake wagula njinga yatsopano, ndipo wamuuza kuti asachotse mapepala. Amayi sadayankhe. Adangondiloza ndi mlomo n'kuti, "Afotokozere azakhali akowa, ndiwe udapita kusukulu yake."