Dzina la mwana wa ku Namugongo

Kutatsala sabata zitatu kuti ifike Pasaka ya caka catha, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kachalichi kathu, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, tikulemba maina a makanda oyembekezera ubatizo. Nchitoyi tinaizolowera: João, António, Manuel, José, winanso António. Kenaka bambo wina wacinyamata ananena motsitsa mawu kuti mwana wawo akhale Kizito. Dzanja lathu, lomwe linaphunzira kusukulu alifabeti ya Cipwitikizi ya zilembo 23 yopanda K, linali litayamba kale kulemba Qui. Tisanafafanize, agogo a mwanayo, apongozi a bamboyo, anatigwira mkono.

"Aphunzitsi, imani kaye. Ndamva kuti mwini dzinali anapsa ndi moto akali mwana."

Anamva zoona. Kizito anali mnyamata wa zaka pafupifupi 14, wotumikira kubwalo la Kabaka Mwanga II, mfumu ya Buganda. Abambo Oyera anali atafika m'dzikomo mu 1879, ndipo mnyamatayu anapempha ubatizo kwa Bambo Siméon Lourdel kangapo, koma anauzidwa kuti adikire, aphunzire kaye. Mkwiyo wa mfumu utayaka pa anyamata opemphera, amene ankakananso zilakolako zake zoipa, Carlos Lwanga, mkulu wawo, anam'batiza usiku kumapeto kwa Maio 1886. Pa 3 Junho anakulungidwa m'mabango ndi kutenthedwa ku Namugongo. Ubatizo umene anaulirira nthawi yaitali anakhala nawo masiku osakwana khumi. Pa amartiri 22 a Cikatolika a ku Uganda, iye ndiye wamng'ono. Papa Bento XV anawacha odala mu 1920, ndipo Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la oyera pa 18 Outubro 1964.

Zonsezi tinazifotokoza mwadongosolo, monga timacitira m'kalasi ya katekisimu. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, nati: "Ndiye kuti anapsadi."

Sitinawaseke, ndipo wowaseka sakudziwa kwathu kuno. Kwa ife dzina si phokoso loitanira munthu ku nsima. Limaperekedwa mwana akatuluka m'cikuta, ndipo wolipereka nthawi zambiri ndi wamkulu wa pabanja, amene amayang'ana m'mbuyo ndi m'tsogolo asanalichule. Khanda likamalira usiku wonse, akuluakulu amati likukana dzina. Amene tinakula m'zaka za nkhondo, mtendere wa ku Roma wa 4 Outubro 1992 usanasainidwe, tinasewera ndi a Mavuto ndi a Masautso ambiri, ena obadwira m'misasa ya othawa kwawo ku Malawi. Maina amenewo anali mbiri yolembedwa pa anthu. Agogowa anathawa nawo nkhondoyo, ndipo m'nyumba ya mwana wawo wamkazi yemweyu anali ataika kale m'manda zidzukulu ziwiri. Kuwauza kuti wacitatu atenge dzina la mwana amene sanamere ndevu kunali kuwapempha cinthu colemera.

Mwina n'cifukwa cake dzinali n'losowa kuno. M'zaka zonse zimene takhala tikulemba maina a ubatizo m'midzi yathu, a Kizito amene tawalemba sakwana zala za dzanja limodzi. Kutsidya kwa malire limamveka kawirikawiri, ndipo ku Dedza kuli seminare yaing'ono yochedwa ndi dzina lake. Kwathu maina a ubatizo anabwera ndi Cipwitikizi, ndipo anakhazikika kotero kuti António ambiri amamuyesa dzina la makolo. Ifenso akatekista tili ndi mlandu wathu: kholo likasowa dzina, timathamangira kwa woyera wa ku Lisboa kapena ku Assis, pamene a ku Namugongo timawakumbukira tsiku limodzi pa caka.

Usiku umenewo tinatsegula lamulo la Mpingo. Kanoni 855 sinena kuti mwana aliyense atenge dzina la woyera. Imangopempha makolo, omuimira pa ubatizo ndi wansembe kuonetsetsa kuti dzina lisakhale lotsutsana ndi mtima wacikhristu. Tikuwerenga, tinaona cinthu cimene takhala tikucilumpha zaka zonsezi. Dzina lakuti Kizito silinacokere ku Roma kapena ku Yerusalemu. Ndi dzina la Ciganda, la pfuko la Mmamba, limene mwanayo anapatsidwa kwawo monga ife timapatsira Limbani kapena Yamikani. Pa tsiku limene ankalilandira panalibe woyera aliyense wochedwa motero. Mnyamatayo ndiye analiyeretsa, ndipo Mpingo wonse umam'chula lero ndi dzina la kumudzi lomwelo.

M'mawa tinapita kwa agogo. Tinawapeza akuyanika nsomba pa thandala. Za moto sitinabwerezenso. Tinawauza kuti Kizito ndi nkhoswe ya ana kwa Mulungu, kuti iye amadziwa mantha a mwana cifukwa anawamva yekha, ndiponso kuti Mpingo sukuwalanda udindo wawo wopatsa mdzukulu dzina. Tinawauzanso, ngakhale bambo wa mwanayo sanakondwe nazo poyamba, kuti ngati mtima wawo ukana ndithu, dzina la kwathu lokha ndi lokwanira pa madzi a ubatizo.

Anakhala cete nthawi yaitali, akutembenuza nsomba imodziimodzi.

"Amayi ake a mwana ameneyo," anafunsa, "analipo pomwe ankamutentha?"

Tinasowa cowayankha, ndipo sitinafune kupeka. Anagwedeza mutu, nati mkamwini wawo apereke dzina lakelo, koma iwo aika lawo patsogolo, kuti likakhala lolemera linalo, ili lim'cirikize.

Pa tsiku la ubatizo wansembe anathira madzi pa Limbani Kizito. M'buku tinalemba ndi K, pang'onopang'ono, cifukwa dzanja linkafunabe kupita kwa Q. Mwanayo tsopano akuyenda cogwira khoma. Bambo wake amamuitana Kizito. Agogo sanalichulepo dzinalo ngakhale kamodzi, koma pa 3 Junho tinawaona pa benchi lakumbuyo, mdzukulu ali kumsana.