Tinamuuza kuti athire yonse

Motoka yathu ili ndi eni atatu: awiri a mimba imodzi ndi msuweni wathu. Ndi Allion ya 1.5, imodzi mwa zija zochokera ku Japan zolowera pa Nakonde, ndipo inafika m'manja mwathu itadutsa kale mwa anthu ena awiri. Tinaigula ndi ndalama za chilimba kuwonjezapo nkhongole ya kwa amayi. Timasinthana pa Yango, wina m'mawa, wina usiku, wachitatu kumapeto kwa sabata. Renti ya nyumba yathu ku Lilayi imachokera mmenemo, pamodzi ndi ndalama za koleji ya mlongo wathu wamng'ono. Motoka ikagona tsiku limodzi chabe, pa mwezi timaimva.

Tsiku la sevisi tinachita monga aliyense amalangizira: oyilo gula wekha, ona kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo, ndipo imirira pomwepo akamathira. Tinagula chigubu cha malita 5 ndi fyuluta mutauni, n'kupita pa galaji ina ya pansi pa mtengo kufupi ndi kwathu. Mwini wake anali atachokapo, anasiya mnyamata wake. Mnyamatayo anatulutsa oyilo yakale, anasintha fyuluta, anayamba kuthira yatsopano. Chigubu chisanathe, anaima n'kutseka.

“Boss, yakwana.”

Tinayang'anana. Tonse atatu tinaganiza chinthu chimodzi, kuti kamwana aka kafuna kusunga yotsalayo kakagulitse kwa wina madzulo. Nkhani zotere timazimva maningi m'mabasi ndi pa WhatsApp, ndiye tinadziona ochenjera.

“Iwe, faka yonse. Tagula na ndalama zathu.”

Anayesa kunena kanthu, ife tinamudula. Anakweza mapewa n'kupendeketsa chigubu mpaka dontho lomaliza. M'mitu mwathu oyilo inali ngati ndiwo, zikachuluka palibe amene amadandaula.

Tsiku loyamba palibe chimene chinaoneka, chifukwa tinali kungokwawa m'mizere ya motoka pakati pa Kabwata ndi tauni. Lachiwiri tinapeza kasitomala wa ku Woodlands wothamangira ndege. Pa Great East Road, titadutsa Chelstone ndi kuponda moto pang'ono, pagalasi lakumbuyo panaoneka utsi wabuluu. Injini inayamba kudukiza ngati munthu wa ntchofu. Mayi amene tinanyamula anafunsa mwaulemu ngati pali chimene chikupsa, kenaka anatsegula windo, ndipo sanalankhulenso mpaka kutsika. Pobwerera, pa Kafue Road titapitirira Makeni, kanyale kachikasu ka injini kanayaka. M'mawa mwake pabwalo pamene motoka inagona panali banga lakuda lalikulu ngati mbale.

Tinaitana amalume, amene anayendetsa mathiraki zaka zambiri asanapume. Anafika, anaimika motoka pamalo osapendekeka, anaizimitsa, n'kupempha tiyi. Ife mitima ili m'mwamba, iwo akumwa tiyi. Pambuyo pake tinamvetsa kuti anali kudikira kuti oyilo yonse itsikire pansi. Atatha anasolola dipstick, kachitsulo kaja kopimira oyilo, anakapukuta ndi nsanza, anakabwezera mpaka kumapeto n'kukasololanso. Pa kachitsuloko pali timadontho tiwiri, kapansi ndi kapamwamba. Oyilo yathu inali itadutsa kapamwamba kutali, ndipo munali timathovu.

“Imwe bana, nindani anafaka oyilo iyi?”

Palibe anayankha msanga.

Injini ya mu Allion yathu, imene Toyota amaitcha 1NZ-FE, imadya malita 3.7 ngati mwasintha ndi fyuluta yomwe. Ndi injini yomweyo ili m'ma Corolla, ma Runx ndi ma Spacio ambiri a 1.5 amene adzaza Lusaka. Ife tinathira malita 5, kutanthauza kuti lita imodzi ndi pang'ono inalibe malo. Mnyamata uja anaima pamalo poyenera.

Chimene sitinkadziwa ndi mmene m'kati muliri. Oyilo imakhala pansi pa injini m'chibeseni chotchedwa sump, ndipo pampu imaikoka kuchokera mmenemo kuitumiza kulikonse kumene zitsulo zikhudzana. Pamwamba pa chibesenicho pamazungulira crankshaft, chitsulo cholemera chimene mapisitoni amakankha. Pa msewu wabwino chimazungulira kupitirira ka 2,000 pa mphindi imodzi. Amene anapanga injini anasiya mpata kuti chitsulo chimenechi chisakhudze oyilo ya pansi. Mukadzaza mopitirira, mpata uja umatha, crankshaft imayamba kupuntha oyilo ngati mmene timapunthira mazira, ndipo oyilo imasanduka thovu. Pampu ikakoka thovu, ndiye kuti ikutumiza mpweya m'malo mwa oyilo. Mabeyaringi, amene amafuna kuyandama pa kaoyilo kopyapyala, amayamba kudyana ndi chitsulo. Apa m'pamene tinakhala chete kwenikweni: injini yodzaza oyilo mpaka kusefukira imatha kufa imfa yofanana ndi injini imene yauma.

Utsi wabuluu unachokera kwina. Injini iliyonse ili ndi kapaipi kopumira, kamene kamatenga mpweya wa m'kati n'kuubwezera kumene injini imakokera mpweya kuti upse. Oyilo ikamamwazika ngati nkhungu, imakwera ndi mpweya umenewo n'kukapsa pamodzi ndi petulo. Ndiye utsi, ndiye mapulagi akuda onyowa amene amalume anatulutsa, ndiye kudukiza kuja. Mukapitiriza kuyenda choncho, oyilo yopsayo imakatseka catalytic converter ya ku ekizozi, chinthu chimene mtengo wake aliyense amene anaberedwapo amaudziwa. Amalume anawonjezapo kuti kwa a dizilo nkhani imaipa kuposa apa. Injini ya dizilo itha kuyamba kumwa oyilo yakeyo ngati mafuta n'kuthamanga yokha, kiyi mutachotsa kale, mpaka itadziphwanya.

Kuchepetsa oyilo sikunali kovuta. Ena amakoka ndi jekeseni wamkulu ndi kapaipi kudzera pabowo la dipstick, njira yaukhondo kwambiri. Ife tinalibe, choncho amalume anagona pansi pa katoni, anamasula bauti ya pa sump pang'onopang'ono injini itazizira, n'kumanga msanga. Anapima, anachotsanso pang'ono, anapimanso, mpaka oyilo inakhala pansi pa kadontho kapamwamba. Anatiuza kuti kupitirira kadonthoko ndi kachidutswa kochepa ngati m'mphepete mwa chikhadabo si chifukwa chosowera tulo. Chimene anatichenjeza kwambiri ndi china: oyilo ikayamba kukwera yokha popanda wothira, muinunkhize ngati muli petulo, ndipo ikaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi a injini akulowamo. Pamenepo osayendetsanso.

Oyilo imene tinachotsa inagwera m'beseni lafumbi, sinali yobwezeranso. Msuweni anati tiikhuthule kuseri kwa nyumba iphe chiswe. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa kumene madzi a tiyi uja achokera. Kuno ku Lilayi timamwa madzi a pansi. Ma borehole ali m'mapuloti ambiri, ndipo Shaft 5, chitsime chachikulu chimene chimathandiza kumwetsa mzinda, chili dera lomwe lino. Mwala wa pansi pa Lusaka ndi wa ming'alu ndi mapanga, chimene mwathira pamwamba sichichedwa kutsika. Tinaithira m'chigubu chija chopanda kanthu.

Utsi unatha titasintha mapulagi ndi kupukuta mapaipi, koma kudontha sikunaleke. Seal ya kumbuyo kwa crankshaft inali itagonja. Kunena chilungamo, motoka ndi yakale ndipo labala ya seal inali itauma kale, mwina ikanadontha chaka chamawa ngakhale popanda ife. Koma ndife tinaikankha. Seal yeniyeniyo ndi yotchipa, chodula ndi kuifikira, chifukwa giyabokosi yonse iyenera kutsika. Motoka inagona masiku atatu, ndipo mwezi umenewo tinapita kwa alandilodi manja ali kumbuyo.

Ntchitoyo tinakaipereka pa galaji yomwe ija, chifukwa amalume anati manyazi athu tikawathere komweko. Mwini wake anamva nkhani yonse, anatembenukira kwa mnyamata wake n'kumuuza kuti tsiku lina kasitomala akaumirira zotere, aike chigubu pansi adikire wamkulu. Mnyamatayo sanatiseke. Anangoti iye ankafuna kutipatsa yotsalayo tiike m'buti, kuti tiziwonjezera ikatsika, chifukwa injini zakale zimadya kaoyilo pang'ono pakati pa sevisi ndi sevisi. Tinamupepesa, tinamugulira ndi chakumwa chozizira, ngakhale tikudziwa kuti kumuganizira zakuba kunali kokulirapo kuposa botolo limodzi.

Manje m'buti muli kachigubu ka oyilo yotsala pa sevisi yachiwiri, ndi nsanza yake. Amene ali ndi motoka Lolemba m'mawa amapima asanailize, ndipo amatumiza chithunzi cha dipstick pagulu lathu la WhatsApp. Ndalama za seal tinagawana patatu. Za amene anayamba kunena kuti “faka yonse” tikukanganabe mpaka lero: aliyense amakumbukira bwino kuti anali mnzake.