Chibangili cha mphira chobisa golide

Ena mwa inu museka mukamva kuti ku Ulaya kuli amisiri a zodzikongoletsera amene anasiya dala golide ndi siliva nayamba kupanga mikanda ya m'khosi ndi mapepala, mphira ngakhalenso mabotolo osweka. Sikuti ndi umphawi ayi. Ntchito zawo zimasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso.

Ena mwa oyambitsa zimenezi anali Gijs Bakker ndi mkazi wake Emmy van Leersum a ku Netherlands. M'zaka za m'ma 1960 iwo ankapanga zovala m'khosi ndi aluminiyamu, chitsulo chomwechi cha mapoto athu ophikira, ndipo mu 1967 Bakker anapanga china ndi paipi yotulutsira utsi wa mbaula. Mu 1988 Bernhard Schobinger wa ku Switzerland anatunga makosi a mabotolo osweka pa chingwe, nkukhala mkanda. Umenewo ndiye sindingalole mlongo wanga kuuvala, kuopa kuchekeka.

Koma chimene chandikhala pamtima ndi chibangili chimene Otto Künzli anapanga mu 1980. Künzli anabadwira ku Zürich ndipo pambuyo pake anaphunzitsa lusoli ku Munich. Chibangilicho ndi kapaipi ka mphira wakuda kokhala ndi chotupa pamalo amodzi. M'chotupamo muli kampira ka golide, koma palibe amene angakaone. Dzina lake, pa Chichewa, limatanthauza kuti golide amachititsa khungu. Wochivala alibe choonetsa anzake, ndipo iye mwini sangatsimikize kuti golideyo alimodi pokhapokha atadula mphirayo. Akadula ndiye kuti wachiwononga. Angokhulupirira mawu a mmisiri basi.

Chaka chimenecho mu Januwale mtengo wa golide unafika madola 850 pa aunzi imodzi, ndipo dziko limene linkakumba golide wambiri kuposa onse linali South Africa, lili pansi pa ulamuliro watsankho. Ife akunyanja nkhani ya migodi imeneyo tikuidziwa. Agogo ndi amalume athu ambiri anapita ku Joni ndi Wenela, ena nabwerako ndi chifuwa, ndipo ena anatsikira ku Francistown pa ngozi ya ndege ya mu 1974. Ndikaona mphira wakudayo ndimakumbukira anthu amenewo, amene wogula mphete m'sitolo sawaganizira nkomwe.

Tsono ndimadzifunsa za maukwati athu. Mahari ndi gawo la mkwatibwi, palibe wotsutsa. Koma ndaonapo mnyamata msodzi akugulitsa ukonde wake kuti agule ndolo ndi mkanda wagolide chifukwa azakhali a mtsikana anati achibale akaone. Akanati golide yemweyo aperekedwe atakutidwa mu mphira, kulemera kwake kusasinthe, kodi azakhali aja akanavomera? Ndikukayika. Agogo athu aakazi ankanyadira chipini pamphuno ndi mikanda yotunga okha, ndipo banja silinkagwa nazo m'ngongole.

Nditawafotokozera ana a kumadrasa za chibangilichi, mmodzi anafunsa ngati mwamuna angachivale, poti golide ndi woletsedwa kwa amuna koma apa sakuoneka. Ndinamuyankha kuti kwa ine golide wobisika ndi golide ndithu, asachivale. Mnzake anati nanga bwanji ngati mmisiriyo anaikamo mwala chabe. Funso limenelo tinakangana nalo mpaka nthawi ya Asr inakwana.