Walira doko walira matope

Pali ntchito ina imene ambirife sitinaionepo ndi maso, koma tonse timailipira tikamagula mafuta a galimoto kapena thumba la feteleza. Ntchitoyo ndi yokumba matope ndi mchenga pansi pa nyanja kuti sitima zikuluzikulu zizitha kufika padoko. Poti dziko lathu lilibe nyanja yamchere, n'zosavuta kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya eni ake a ku Mozambique. Ine ndikuti ndi yathunso, ndipo muli phunziro limene atsogoleri athu amalizemba, lomwe nafenso amene tili pasukulu pano tikhoza kudzalizemba tikadzawalowa m'malo.

Tiyambe ndi Beira, doko limene lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre mukadzera ku Mwanza ndi Tete. Dokoli lili pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya Indian Ocean, ndipo chapafupi pomwepo mtsinje wa Buzi nawo umathira. Mitsinje iwiriyi imatsika kuchokera kumapiri a m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique itasenza dothi. Ikafika kunyanja liwiro limatha, ndiye katundu yense uja imatula pakhomo penipeni pa doko. Mafunde nawo amakankha mchenga usana ndi usiku. Sitima yobwera ku Beira siingolowa paliponse. Imatsata njira imodzi yokumbidwa pansi pa madzi, yotchedwa Macuti, ngati ngalande yaitali imene maso saiona.

Ngalande imeneyi ikayamba kukwiririka, sitima yaikulu imakhala ndi zosankha ziwiri. Ikhoza kubwera ndi katundu wochepa kuti isamire kwambiri, kapena kuima kunja kudikira kuti nyanja idzaze, poti ku Beira madzi amatha kukwera ndi kutsika ndi mamita oposa 6. Zonse ziwirizi n'zodula. Tsiku lililonse limene sitima yaima, eni ake amalipiritsa chindapusa, ndipo wamalonda sataya phindu lake chifukwa cha matope. Amaika ndalamayo pamtengo wa katundu, mtengowo n'kukwera thiraki mpaka kukafika m'sitolo ya pa Lunzu. N'chifukwa chake boma la Mozambique lili ndi kampani yakeyake yokumba madoko, Emodraga, ndipo zinthu zikafika pothina akhala akuitana kampani ya ku Netherlands ya Van Oord kudzabwezeretsa kuya kwa ngalandeyo. Sitima zogwira ntchitoyi zimayamwa matope ndi mipope, kuwasunga m'mimba mwake, kukawataya, kenako n'kubwereranso. Chaka chamawa matope amabweranso.

Tsopano onjezerani namondwe. Usiku wa pa 14 Malichi 2019, namondwe wa Idai anatera pafupi ndi Beira, mzinda wa anthu oposa theka la miliyoni. Anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi kuno ku Malawi. Pungwe ndi Buzi anasefukira mpaka mtunda unasanduka nyanja, ndipo msewu wa EN6, umene mathiraki ochokera padoko amayambira ulendo, unaduka kwa masiku angapo. Zaka ziwiri zisanathe, mu Januwale 2021, namondwe wa Eloise anamenyanso dera lomwelo. Zimene timaona pa kanema ndi madenga osasuka ndi anthu okwera m'mitengo. Zimene zimachitika pansi pa madzi sitiziona. Namondwe wamphamvu amatha kusuntha mchenga wambiri m'maola ochepa, amachotsa m'malo mwake zizindikiro zoyandama zolozera sitima njira, ndipo madzi osefukira amabweretsa matope atsopano. Pambuyo pake pamafunika kuyezanso kuya kwa njira yonse sitima zisanayambe kulowa mopanda mantha. Sitima zokumba zija nazo zimayenera kubisala namondwe akamabwera, ndiye ntchito imaima pa nthawi yomwe ikufunika kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti mzinda umene ukulira mchenga wochuluka padoko ukuliranso kusowa kwa mchenga kugombe. Gombe la Beira lakhala likudyeka kwa zaka zambiri. Makoma olowa m'nyanja amene Apwitikizi anamanga kuti azigwira mchenga anakalamba, ndipo madera ena a mzindawu ndi otsika moti nyanja ikadzaza kwambiri madzi amalowa m'makomo. Ku Praia Nova, komwe kumakhala asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba, nyanja ili pakhonde. Gombe lalikulu lokhala ndi milu ya mchenga ndi mpanda weniweni wa mzinda: funde likamakwawa pamchenga mtunda wautali mphamvu zimatha lisanafike panyumba. Mchenga womwewo ndiye uli chopinga m'ngalande ya sitima, uli chishango kugombe. Kuutenga pamene ukutsekereza n'kukauthira pamene ukufunika ndi nzeru yosavuta kuimva. Malemu Daviz Simango, amene anali meya wa Beira mpaka imfa yake mu 2021, anagwira ntchito ndi akatswiri a ku Netherlands pokonza dongosolo la mzindawu lofika mu 2035, ndipo mwa zina linaganizira zogwiritsa ntchito mchenga wokumbidwa padoko kukweza malo otsika kuti anthu amangepo.

Otsutsa alipo, ndipo mfundo zawo si zachibwana. Amati kuthira mchenga kugombe ndi kuponya ndalama m'madzi, poti namondwe mmodzi akhoza kukokolola usiku umodzi zimene mwathira chaka chathunthu. Amatinso si zonse zokumbidwa zili mchenga wabwino. Zina ndi matope a tsokwe amene sangakhazikike pagombe, ndipo za pafupi ndi doko zimatha kukhala ndi mafuta ndi zonyansa. Kukumba kumavundula madzi, kumakwirira tizamoyo ta pansi timene nsomba zimadya, ndipo woyamba kumva kuwawa ndi msodzi wa bwato laling'ono. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna kuyeza bwino mchengawo ndi kumvera asodzi isanayambe.

Koma pa mfundo yoti mchenga umapita ndiye ndikusiyana nawo. Ine ndinakulira pafupi ndi sikimu ya mpunga. Chaka chilichonse dzinja likatha, mabanja onse ankatuluka ndi makasu ndi mafosholo kukapala ngalande. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankati poti chaka chatha tinapala ndipo matope abwereranso, ndiye kuti tinataya nthawi. Aliyense ankadziwa kuti mpunga wa chaka chatha unachokera m'kupala kwa chaka chatha. Mchenga umene namondwe wakokolola kugombe wagwira kale ntchito yake, chifukwa funde limene laudya likanadya nyumba. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna doko pakamwa pa mtsinje avomere kuti adzakumba mpaka kalekale.

Maiko olemera anavomera zimenezi. Gombe lotchuka la Miami Beach ku America linathiridwa mchenga pakati pa 1976 ndi 1981, ndipo akhala akuwonjezera kuyambira pamenepo. Namondwe wa Sandy atawomba mu 2012, zinaoneka kuti madera a ku New Jersey amene anali ndi gombe lalikulu ndi milu ya mchenga sanawonongeke ngati amene analibe. A ku Netherlands mu 2011 anathira mchenga wokwana makyubiki mita 21.5 miliyoni pamalo amodzi pafupi ndi The Hague, n'kusiyira mphepo ndi mafunde kuti ziumwaze pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Miami kuseri kwa mchenga kuli mahotela amene amabweza ndalamazo, pomwe ku Praia Nova kuli tinyumba ta malata. Doko limalowetsa ndalama, choncho wolikumbira sasowa. Gombe la osauka limadikira chifundo cha World Bank ndi maiko othandiza. Komatu doko silingagwire ntchito mumzinda womira, chifukwa onyamula katundu, oyendetsa makina ndi alonda ake amagona m'makomo omwewo.

Nanga ife? Mu Okutobala 2010, pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje ndi mwambo waukulu. Khoma la simenti linamangidwa, koma sitima zamalonda sizinabwere. Zifukwa zake n'zingapo, kuphatikizapo kusamvana ndi dziko la Mozambique, koma chimodzi mwa izo chinali pansi pa madzi: Shire ndi Zambezi ndi mitsinje ya mchenga wosunthasuntha, ndipo kuti sitima zidutse mpaka ku Chinde pakanafunika kukumba kosalekeza. Tinasangalalira khoma looneka, osawerengera ntchito yosaonekayo. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, a EGENCO amalimbana ndi matope ochokera m'mapiri amene tinameta mitengo, ndipo matopewo akachuluka m'madamu magetsi amachepa. Ngalande za m'misewu ya m'tauni zimadzaza mchenga ndi mapulasitiki mpaka mvula yoyamba itikumbutse. Matenda ake ndi amodzi. Wandale amadziwa kuti pa ntchito yopala matope palibe riboni yodula, palibe amayi ovina, palibe mwala wolembapo dzina.

Zimene ndingakonde kuona si zozizwitsa. Akuluakulu athu akamakambirana ndi anzawo a ku Maputo za njira ya Beira, nkhani ya kuya kwa ngalande ya Macuti ndi chitetezo cha gombe izikhala patebulo, chifukwa Malawi, Zimbabwe ndi Zambia ndi makasitomala amene amalipira padokopo. Nyengo ya anamondwe imadziwika, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye feteleza azilowa nyengoyo isanafike, ndipo nkhokwe za mafuta za NOCMA ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zizikhala zodzaza. Tisamaike mtima wonse pa doko limodzi pomwe Nacala, doko lakuya mwachilengedwe, tili nalo njanji. Ndipo chitukuko chilichonse chimene chikubwera ku Nyumba ya Malamulo chizifika ndi yankho la funso limodzi: adzachisamalira ndani, ndi ndalama ziti, chaka ndi chaka?

Anzanga amene mukuphunzira za uinjiniya, zachuma ndi zachilengedwe, ambirife timalota kudzamanga chinthu chatsopano choti anthu aziloza. Koma namondwe wa Freddy mu 2023 anationetsa kuti mphepo yochokera ku Indian Ocean siimira pamalire, ndipo anamondwe ena akubwera. Adzapeza ngalande zopalidwa kapena zokwiririka, magombe a mchenga kapena makoma ogumuka, malinga ndi zimene zinachitika m'miyezi ya chilimwe pamene kunali bata ndipo palibe amene ankayang'ana. Ntchito yobwerezabwereza imeneyo ikufunika anthu ophunzira amene sangachite nayo manyazi.