Za Nyumba za Makolo ndi Nkhondo ya Chiwaula

Ife a kuno ku Bua tikanena za nkhondo, mitima yathu ithamangira kutali, ku Karonga kumene Angerezi anamenyana ndi Ajeremani mu 1914, kapena ku Burma kumene anapita asilikari athu. Koma inalipo nkhondo ina pakhomo pathu penipeni, imene inapasula nyumba za makolo, ndipo ana a masiku ano saidziwa. Ndiyo ndifuna kukukumbutsani.

Mudzi wa Nkhotakota, umene Azungu anautcha Kota Kota, unakula ndi Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili amene anafika kuno cha m'ma 1840. Makolo athu Achewa anazolowera nyumba yozungulira, ya nsichi ndi phaso. Koma anthu a Jumbe anamanga nyumba za ngodya zinayi, zomata bwino, za khonde lalikulu ndi mpanda kumbuyo. Anaoka mango, nalima mpunga m'madambo. Dr. Livingstone anauona mudziwo mu 1861 ndi mu 1863. Tisabise mawu: chuma chimene chinamanga makonde amenewo chinali minyanga ya njovu ndi anthu, oolotsedwa pa zombo kunka kutsidya la nyanja. Nyumba zina zinakongola chifukwa zina zinapasuka. Komabe Achewa ambiri, poopa nthungo za Angoni, anasiya midzi yao nadzamanga pafupi ndi mfuti za Jumbe. Ndipo kufikira lero dera lina la mudziwo litchedwa Linga.

Mu 1889 Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anapangana pangano ndi Harry Johnston wa boma la Angerezi. Si nduna zake zonse zinakondwera nalo. Mu 1893 mmodzi wa iwo, Chiwaula, anamuukira mbuye wake, nakhala m'mudzi wa linga lolimba la dothi, kumtunda pang'ono kwa doko. Pamenepo Johnston anadza ndi asilikari a Chisikh ochokera ku India. Linga linagwa, ndi Chiwaula anaphedwa.

Mabuku a Azungu awerenga asilikari amene anagwa tsiku lija, koma palibe anawerenga nyumba. Agogo anga aakazi, amene anazimva kwa agogo ao, ananena kuti pa nkhondo zonse za nthawi imeneyo choyamba kufa chinali denga. Udzu wa m'chilimwe suchedwa kuyaka, ndipo moto sufunsa ngati mwini nyumba ali wa Chiwaula, kapena wa Jumbe, kapena kapolo wogwidwa dzana. Denga likapsa, nkhokwe itsatira, ndi mbewu za chaka chamawa ziri momwemo. Munthu anathawa ndi mwana kumbuyo ndi mphika pamutu. Mtondo ndi mphero anazisiya, pakuti nzolemera.

Mwina wina adzati, Nanga nyumba ya mitengo ndi dothi nkanthu? Simangidwa kodi m'masabata awiri? Inde imangidwa. Koma kwa ife Achewa pakhomo mpa mkazi ndi mbumba yake. Pamenepo anakwirirapo michombo ya ana, pamenepo mkamwini anadzalima, ndi manda a mtundu ali pa msitu wapafupi. Mbumba ikabalalika, wina kunka ku Bua, wina ku Dwangwa, wina kumapiri, nsichi zatsopano sizibweza zimenezo. Agogo aja anatha kutchula maina a amai asanu a mtundu wathu, wina pambuyo pa mnzake, koma pofika pa wachisanu ndi chimodzi anangoti, "Ameneyo anatsala kubwinja." Ine ndiyesa kuti chimene nkhondo inatilanda koposa ndi dzina limenelo.

Nyumba zazikulu za ku Linga zinafa imfa yina, yopanda mfuti. Tawakali Sudi anamwalira mu 1894, ndipo wolowa m'malo mwake sanakhalitse. Boma linamchotsa ndi kumtumiza ku Zanzibar. Malonda a akapolo anatha, chimene tiyamika nacho Mulungu, ndipo eni makonde aja anasauka. Nyumba yadothi ifuna dzanja lozira ndi utsi wa tsiku ndi tsiku. Ikasowa izi, chiswe ndi mvula zitsiriza ntchito. Nkhondo yokha sinaleke msanga: mu December 1895 asilikari ananyamuka pa Kota Kota pomwepo kukathyola linga la Mwase ku Kasungu.

Mlendo akafika lero amuonetsa mkuyu wa Livingstone, zotsala za mzikiti wakale, manda a a Jumbe, ndi tchalitchi cha All Saints m'mene agona Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Izi nza akuluakulu. Za anthu wamba muzifune kumunda. Mukaona mitengo ya mango yakalekale itaima pamodzi pakati pa chinangwa, popanda nyumba pafupi, dziwani kuti panali khomo la munthu. Khasu litukula mapale pamenepo, ndi mwala wa mphero wokumbika pakati. Chaka chatha mabanja awiri a kwathu anatengerana kwa a mfumu chifukwa cha munda wotere, ndipo poti panalibe kalata, nkhalamba zinaweruza mlanduwo pofunsa kuti anaoka mangowo ndani.